Mphika wa Kuseri kwa Bafa

Pakhomo pathu panali miphika yambiri, koma umodzi sunkalowa m'khitchini. Unkakhala kuseri kwa bafa, pansi pa nthochi, utavundikiridwa pa mafuwa akeake. Unali ndi mthiko wake, mbale yake, ndi supuni yake yopindika chogwirira. Umenewo unali mphika wa bambo anga, ndipo munkaphikidwa chinthu chimodzi chokha, mkunga.

Amene simunauonepo mkunga musadandaule, pakuti ambiri amene anauona amalumbira kuti anaona njoka. Ndi nsomba ya mumtsinje, yowonda, yaitali ngati kuchokera kunsonga ya chala kukafika pachigongono. Mtundu wake ndi wa dothi lonyowa, wokhala ndi timizere ndi timadontho. Kumutu n'kosongoka, ndipo kumapeto kwa mlomo kuli kachitamba kofewa kamene kamagwedera uku ndi uku, kali ndi timphuno tiwiri m'mbali. Zipsepse za pamimba ulibe. Chipsepse cha pamsana ndi cha kunsi zimayenda mpaka kukakumana kumchira. Mamba uli nawo, koma ndi aang'ono kwambiri, obisika m'khungu loterera kuposa therere. Chimene chimaupatsa ulemu ndi minga. Kuyambira kuseri kwa mutu, pamsana ponse pali mzere wa minga yaifupi, yakuthwa, imene imagona nsombayo ikakhala pamtendere n'kudzuka ikangogwidwa.

Bambo anali ochokera kuchigwa cha Shire, kumunsi kotentha kuja, kumene mkunga ndi ndiwo ngati ndiwo ina iliyonse. Anakwera kuno ku Mulanje akadali anyamata kudzathyola tiyi. Tsiku lina anaona mayi pamsika wa Thuchila akugulitsa nandolo, basi ulendo wobwerera kwawo unathera pomwepo. Kwathu kuno wosamuka ndi mwamuna. Amamanga nyumba kwa mkazi, amalima munda wa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Dzina lake ndi mkamwini, ndipo ngakhale imvi zimupeze pamudzipo, amakhalabe wobwera.

Tsono akuchikazi kwathu ndi Alomwe. Ife Alomwe takhala tikunenedwa kuyambira kale kuti timadya njoka. Ukapita kusukulu ya kutali, ukakwera basi, munthu akangomva kalankhulidwe kako, nthabwala yake ndi yomweyo. Ambiri timangoseka, n'kumubwezera ya mtundu wake. Amalume anga, achimwene awo a mayi, sankaseka. Anagwirapo ntchito ku Limbe ali achinyamata, ndipo mawuwo anawamva mpaka anawalowa m'mafupa. Iwowa ndiwo anali mwinimbumba, woyang'anira alongo awo onse ndi ana awo. Ndiye taganizani munthu wathawa chipongwe m'tauni, wafika kwawo, n'kupeza mlamu wake akukwera kuchokera kumtsinje atanyamula chinthu chachitali chikupiringizika pakamtengo.

Ine ndinali ndisanabadwe, koma mayi anandifotokozera m'mene zinakhalira.

"Alamu, chimenecho pakhomo pano ayi," anatero amalume.

"Ndi nsomba iyi, alamu. Taonani, izi ndi zipsepse."

"Kaya zikhale mapiko. Anthu odutsa mumsewumu sawerenga zipsepse."

Mayi ndiwo anagamula. Anati nsombayo izibwera, koma izidzera kuseri, iziphikidwa kuseri, ndipo isadzakhudze mphika wawo uliwonse. Anawumbitsa mphika wina n'kuwapatsa amuna awo. Amalume sanakhutire, koma poti kuchokera mumsewu simunkaoneka kanthu, anangotsala ndi pakamwa. Ana awo akachita mwano ankawaopseza kuti akawapereka kwa akamwini odya njoka.

Mayi enieniwo ankati mkunga umanunkha matope. Sankauyang'ana n'komwe. Koma bambo akamaphika kuseri kuja, iwo ankakhala pakhonde akusenda chinangwa, n'kumacheza nawo mokweza mawu kudzera mu udzu wa bafa. Nkhani zikuluzikulu za pakhomo pathu, za sukulu, za feteleza, za amene wakwatiwa ndi amene wathawidwa, zinkakambidwa choncho, anthu awiri osaonana nkhope.

Mwa ana onse, wolawa ndinali ine ndekha. Ndine woyamba kubadwa, ndipo ndinabadwa ndi liuma. Chimene andiletsa ndi chomwe ndimafuna kudziwa kukoma kwake. Mnofu wa mkunga ndi woyera, wogwirana, wamafuta pang'ono, ndipo ulibe timinga tam'kati tambirimbiri totsamwitsa ana. Nditalawa ndinayamba kuwatsata bambo kumtsinje, ndipo poti sanandibweze, ndinazolowera.

Mbedza sankaikonda, chifukwa mkunga umameza mpaka m'mimba. Iwo ankadula nsungwi, mbali imodzi n'kusiya mfundo yotseka, n'kubowola timabowo toti madzi azidutsa. M'kati ankaikamo nyongolotsi kapena nkhono yophwanya. Dzuwa likapendeka ankalowa m'madzi n'kukanikiza nsungwizo pansi pa miyala, kukamwa kutaloza kumene madzi akupita. M'mawa ankapita ndi zitsononkho, n'kutseka nsungwi iliyonse isanatuluke m'madzi. Ankati mkunga sulowamo chifukwa cha nyambo yokha. Umakonda malo othina, oti thupi lake likhudze mbali zonse, ndipo ukapeza nsungwi umaona ngati wapeza nyumba yomangamanga.

Malo ake ankawadziwa ngati mizere ya m'dimba. Padooko pamene amayi amachapa, pamchenga woyera, mkunga supezekapo. Kumtunda kwa phiri, kumene madzi amazizira mpaka kuwawitsa mano, bambo ankati sanaupezeko. Umafuna madzi ofunda a kuno kumunsi, pamene mtsinje wa Thuchila ukuyenda mosathamanga, pali miyala yosanjikizana, mizu ya mkuyu yolowa m'madzi, bango, kapena masamba owola ounjikana pakona. Masana umabisala, n'kungotulutsa kachitamba kaja. Ukhoza kuyang'ana mwala kwa nthawi yaitali osaona kanthu, kenako n'kuona kanthu konga kamuzu kakugwedera pomwe madzi sakukankha. Kukada ndi pamene umatuluka kukafuna chakudya, ukufufuza m'matope ndi mphuno, osati ndi maso. Bambo akamatumbula ankandionetsa za m'mimba: ana a tombolombo, tinkhanu, tinyongolotsi, mwa apo ndi apo kansomba.

M'chilimwe mtsinje ukaphwa n'kutsala maiwe, mkunga umadzikwirira mumchenga wonyowa kapena m'matope. Mvula ikayamba, madzi akafiira n'kukwera mu udzu wa m'mbali, bambo ankazula nsungwi zonse n'kuziimika pankhokwe. Ankati nyengo imeneyo yaikazi imakhala ndi mazira, ndipo wodya mazira asadzadandaule chaka chamawa. Ankanenanso kuti kwawo kuli mkunga wina waukulu, wonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, wopanda minga. Uwu wa kuno ankautcha wa minga, ndipo ankati awiriwo si pachibale ngakhale akugawana dzina.

Chipsera chili pachikhatho changa chamanja ndinachipeza pophunzira zimenezi. Ndinaugwira pakati, m'mene timagwirira mlamba. Mkunga ukagwidwa suthawira kutsogolo. Umadzutsa minga n'kubwerera chammbuyo, ndipo mzere wonse uja umadutsa m'dzanja lako ngati sowo. Ndinakuwa mpaka amayi a padooko anaimirira. Bambo anayamba atola nsomba yawo pamchenga, kenako ndi pomwe anayang'ana dzanja langa.

"Uyambe wapaka mchenga wouma m'manja," anatero. "Ugwire kuseri kwa mutu, zala zidzere m'mbali. Ukaugwira mwaukali, nawonso uli ndi ukali wake."

Kenako kunabwera chaka cha njala ija. Ndinali mtsikana wamkulu ndithu, ndipo ndikukumbukira zonse. Chimanga chinapserera chisanamasule, kalongonda anatha, makaka anatha, anthu anayamba kuphika mango osakhwima ndi zitsa za nthochi. Matemba ndi milamba zinatha mumtsinje chifukwa mudzi wonse unali m'madzi ndi masikito. Chimene chinatsala ndi chomwe anthu ankachiopa. Bambo anachulukitsa nsungwi, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera ndi kanthu.

Nyumba ya amalume inali kutsidya kwa msewu, kwa akazi awo, koma ana awo ankaswera kwathu. Mwana wawo wotsiriza, kamtsikana kongoyamba kuyenda, anayamba kutupa mapazi, tsitsi n'kufiira. Tsiku lina ndinaona chimene ndinali ndisanaonepo: mayi ali kuseri kwa bafa, atagwada pamafuwa a bambo, nkhope atayang'ana kumbali. Anadula mitu ndi michira, anasenda khungu, anaduladula, n'kuphika pamodzi ndi chigwada mumphika wa bambo womwewo. Anapakulira m'bakuli n'kundipatsa.

"Kapereke kwa amalume ako. Ukanene kuti ndi mlamba."

Amalume anavundukula, anayang'ana. "Mlamba wake wa kuti wopanda mutu?"

"Akuti ndi wa kumtunda," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Minga ya pamsana inali momwemo m'zidutswa, ndipo palibe mlamba padziko pano wokhala ndi minga yotere. Anatenga chidutswa, anazula mzere wa minga ndi chala chachikulu, anafinyafinya mnofu kuona ngati mwatsala kanthu, n'kumuika mwana uja pamwendo kuti amudyetse. Bakuli limenelo ndinaliwolotsa msewu mpaka chimanga cha m'madimba chinacha. Mwanayo anachira.

Titakolola, nkhani ya mlamba wa kumtunda inafera pomwepo. Mayi anabwerera pakhonde, ndipo amalume anayambiranso kunena za akamwini odya njoka ngati sipanachitike kanthu. Zinkandipsetsa mtima. Nditawafunsa bambo chifukwa chake sakuwakumbutsa, anati munthu amene wadya ndi manyazi sumufunsa ngati wakhuta.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa, ndinamanga pamalo a mayi pomwepo, ndinayamba kusoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Thuchila. Bambo anasiya ntchito ya tiyi n'kudzipereka kudimba la m'mphepete mwa mtsinje, limene analiswa okha pomwe panali bango lokhalokha. Zaka zingapo zapitazo mayi anadwala mwezi umodzi n'kutisiya.

Kwathu mkazi akamwalira, maliro akatha ndipo anthu akameta, pamabwera tsiku losudzula mwamuna. Akuchikazi amaitana abale ake n'kumuuza kuti ukwati watha, ndi womasuka, atha kubwerera kwawo. Masiku ano nkhalamba zambiri amazisiya kuti ana azizisunga, koma zimatengera pakamwa pa mwinimbumba. Ndipo amalume anali atanena kale maganizo awo, akuti bambo azipita. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Malo kuno ndi ochepa, kwabwino konse kuli tiyi, ndipo panali zidzukulu za alongo awo ena zimene zinalibe polima. Dimba lija linali la mbumba, ndipo bambo akanakhala, akanakhala nalo.

Koma kwawo kwa bambo kunali kuti? Mudzi umene anabadwira unakokoloka ndi madzi, anthu anasamutsidwira kumtunda, abale awo a bere limodzi onse anali atapita. Amene anapezeka kuti adzawalandire anali mwana wa achemwali awo, bambo wa ana ake kale, amene anali atawaonapo pamaliro pokha. Munthu amene wakhala pamudzi zaka zoposa makumi anayi, mawondo atayamba kuvuta, ankati akayambe moyo pakhonde la mlendo.

Ndinapita kwa amalume. Ndinayamba mwaulemu, koma ulemu wanga suchedwa kutha.

"Amalume, bambo akupita kuti? Ife ana awo tilipo."

"Iwe, mwambo sunayambe ndi bambo ako. Madzi saiwala khwawa. Akafika kwawo akazolowera."

"Khwawa lake liti, poti linakwiririka?"

"Ndanena, ndatha. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mundide, koma ana enawa nawonso ndi anga. Iwe ukonze nkhuku Loweruka, alendo adzadye."

Bambo sanatsutse kanthu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu a amalume. Anati mlendo ndi mame, anadziwa kuyambira tsiku lomwe anamanga nyumba. Katundu wawo yense anakwana m'thumba limodzi la feteleza: zovala, bulangete, chikwanje, wailesi. Pamwamba anaikapo mphika uja ataukulunga m'jekete. Kuseri kwa bafa kunatsala mafuwa okha.

Loweruka m'mawa ndinawaona akutsetsereka kumtsinje, ndipo ndinawatsata ngati kale. Mtsinje wa lero si uja wa ubwana wanga. Madzi osefukira a zaka zapitazi anakwirira miyala yambiri, ndipo malole a mchenga anamaliza zotsala. Pamene panali dziwe lofika m'khosi, pano mwana amawoloka osakwinya kabudula. Mkunga sukhala pamchenga wa pambalambanda, choncho unatsala pakona imodzi yokha, pansi pa dimba la bambo, pomwe mkuyu waukulu unagwira gombe ndi mizu yake.

"Ndizule nsungwi zangazi," anatero. "Si bwino kusiya zinthu mumtsinje wa eni."

Analowa m'madzi pang'onopang'ono, akugwira mizu. Nsungwi zina zinali zopanda kanthu, koma zingapo zinali zolemera. Anafuna kuzikhuthulira m'madzi momwemo.

"Ababa, ndipatseni."

"Uphikira muti? Mphika ndamanga kale."

"Ndipatseni, ndiona chochita."

Anandipatsa osafunsanso. Maganizo awo anali kale panjira.

Nkhuku ndinaphika monga anandiuzira. Kenako ndinatsitsa mphika wa ndiwo wa mayi, wadothi, wakuda, umene unali usanakhudzidwe chimwalirireni eni ake. Mikunga ija ndinaitumbula, ndinaitsuka ndi phulusa kuchotsa kuterera, koma mitu, michira ndi khungu ndinazisiya. Ndinaipinda mumphikamo yathunthu, ndinathira tomato ndi anyezi, m'khitchini mwenimweni. Amayi amene ankandithandiza atasuzumira anagwira pakamwa n'kutuluka mmodzimmodzi. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Kuchita chipongwe mwinimbumba pamwambo wa maliro si nkhani yaing'ono, ndipo ndinkadziwa kuti zikalakwika, bambo achoka tsiku lomwelo, ine n'kutsala ndi mlandu wa nkhuku kapena mbuzi. Koma ndinaona kuti ngakhale ndikhale chete akuchokabe.

Anthu anakhala pansi pa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa. Anagwirizana kuti ayambe adya poti mlendo, mwana wa achemwali a bambo uja, wachokera kutali. Ndinazungulira ndi madzi osamba m'manja, ndinaika nkhuku pamaso pa mlendo ndi akuluakulu ena. Bakuli lomaliza ndinagwada nalo pamaso pa amalume. Linali lomwe lija lowoloka msewu, lothothoka utoto m'mbali.

Anavundukula. Mitu inali pamwamba, tizitamba titaloza kwa iwo.

Woyamba kulankhula anali mlendo wa kuchigwa, amene sankadziwa kanthu. "Aa, nkunga! Kodi kunonso mumadya?" anatero mokondwa, akusuntha mpando. Bambo anaweramitsa mutu. Mayi wina pamphasa anati, "Mayo ine, njoka pamaliro."

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa amalume, mawu ali pansi.

"Ndi mlamba wa kumtunda uja, amalume. Lero sindinachotse mitu."

Ndinakhalabe chogwada. Amalume anayang'ana m'bakuli, kenako anatembenukira kumphasa. Mwana wawo wotsiriza uja anali pomwepo, mayi wonenepa bwino, khanda lili kumsana. Iye nkhaniyi sankaidziwa, pakuti panalibe anamuuzapo.

"Mlamba wake uti, ababa?" anafunsa.

Amalume anapinda mkono wa malaya, anatenga mkunga umodzi, anaugoneka m'mbale, n'kuzula mzere wa minga ndi chala chachikulu kuyambira kumutu mpaka kumchira, osaphonya ngakhale umodzi. Anadya. Anadya pamaso pa mbumba yonse, ndipo anthu awiri amene ankadutsa mumsewu ndi njinga anachepetsa liwiro. Atamaliza anakankhira bakuli kwa mlendo.

"Iwe," anatero kwa ine, "mchere sudziwa kuthira. Achemwali anga ankadziwa."

Mwambo unachitika m'mene umachitikira. Amalume anaimirira, anathokoza akuchimuna chifukwa chotibwereka munthu, ananena kuti ukwati watha ndi imfa osati ndi ndewu, kuti bambo ndi omasuka, akafuna kukwatira akwatire, palibe adzawalondola. Mlendo anawomba m'manja. Kenako amalume anakhosomola.

"Koma za ulendo, ine pano sindikuonapo ulendo. Alamu, nyumba ija munamanga ndinu, ana ndi awa. Mukafuna kupita mupite mwa kufuna kwanu, koma pakamwa panga sipanatuluke zimenezo. Dimba lokha ndiye tigawa, anawa alibe polima. Inu mutsale ndi kumunsi kuja, kuli mkuyu."

Bambo anawomba m'manja mwakachetechete n'kunena kuti amva. Mbali yaikulu ya dimba inapitadi, ndipo amalume anatha miyezi osandiyankha moni. Zimenezo sindinazidandaule.

Alendo atabalalika ndinakhala pakhonde, mtima uli m'malo, ndikudikira kuti bambo anena kanthu. Ndinkayembekeza kuyamikiridwa, ndisaname. Anatulutsa thumba lija, anamasula jekete, anapita kuseri kwa bafa n'kuvundikira mphika wawo pamafuwa. Kenako analowa m'khitchini, m'mene sindinawaonepo akulowa chibadwire changa, n'kutuluka ndi mphika wa mayi. Anakhala pamwala wotsukira mbale, anatapa phulusa ndi mchenga, n'kuyamba kukwecha.

"Ababa, ndatsuka kale umenewo."

"Dothi limasunga fungo."

Anakwecha m'kati, anakwecha m'milomo, anatsukuluza, ananunkhiza, anayambiranso. Sanandiyang'ane.

"Mayi ako anandipempha chinthu chimodzi chokha m'banja lonseli," anatero. "Chaka cha njala chomwe, anagwada kuseri uko, koma mphika wawo sanaulole."

"Koma amayi kulibe, ababa."

"N'chifukwa chake. Akanakhalapo akanakukalipira okha."

Pamaliro ndinalira monga amalirira anthu, koma kulira kwenikweni ndinalira tsiku limenelo, pakhonde, bambo akukwecha mphika. Iwo sanasiye ntchito yawo. Atamaliza anathiramo madzi ndi masamba a mandimu, anauika padzuwa, ndipo m'mawa mwake anaubwezera okha pamalo pake.

Bambo alipo mpaka lero. M'madzi salowanso kwambiri, nsungwi ndimakazula ndine ndisanapite kukasoka, ndipo masiku ambiri zimakhala zopanda kanthu. Zikalemera ndimadzera nazo kuseri. Ndinawauzapo kuti masiku a mvula yamawawa aziphikira m'khitchini, palibenso woletsa, koma anangondiyang'ana n'kukafuna pepala la pulasitiki lofolera pamwamba pa mafuwa. Akamaphika ine ndimakhala pakhonde ndi chinangwa changa, ndipo timakambirana za feteleza kudzera mu udzu wa bafa.